Pitani Kumene Chikalata Chili: Malangizo kwa Opanga Mapulogalamu a Maloya

Mwapanga pulogalamu yowerenga migwirizano. Imatha masamba 80 m'mphindi ziwiri, n'kuloza ndime zonse zimene zingadzapweteke kasitomala m'tsogolo. Mwaionetsa ku ofesi ya maloya, onse agwedeza mitu, abwana asaina kuti alipira chaka chathunthu. Patha miyezi itatu, mukuyang'ana m'kaundula wanu: mwa anthu 40 amene munawapatsa mapasiwedi, amene analowamo sabata yatha ndi anayi okha. Chaka chikadzatha mudzalandira imelo yaulemu kwambiri yokuuzani kuti sapitiriza.

Zimenezi zimandiwawa ndikaziona, chifukwa nthawi zambiri pulogalamuyo imakhala yabwinobwino. Inangomangidwa pambali pa njira. Loya ali ndi mpita wake umene amadutsa tsiku lililonse: imelo, Word, nkhokwe ya zikalata ya ofesi, kaundula wa maola. Chilichonse chomuuza kuti apatuke amachiiwala tsiku loyamba limene ntchito yamupanikiza, ndipo kwa loya masiku otero ndiwo ambiri. Malangizo awa ndi a inu amene mukusankha choti mupange, choti musiye, ndi munthu woti mumugulitse.

Gawo loyamba: tsatirani chikalata chimodzi mpaka chisainidwe

Musayambe ndi kufunsa maloya kuti akufuna chiyani. Adzatchula zinthu zikuluzikulu zimene anamva ku msonkhano, koma tintchito timene timawadyera tsiku sadzatitchula, chifukwa anatizolowera moti sationanso. Pemphani chilolezo chokhala pambali pawo akugwira ntchito. Ngati nkhani ya chinsinsi ikuletsa, apempheni akuyendetseni mu ntchito imene inatha kale, atafufuta mayina.

Tengani mgwirizano umodzi, muulondole phazi ndi phazi. Unafika bwanji? Kawirikawiri pa imelo, mu Outlook. Asanaugwire n'komwe, wina amafufuza ngati ofesiyo sikuimira kale mbali inayo pa nkhani ina. Akapeza kuti palibe kuwombana, ntchitoyo imapatsidwa nambala. Chikalata chimasungidwa pansi pa nambalayo mu nkhokwe za zikalata monga iManage ndi NetDocuments, kapena mu foda wamba ngati ofesi ndi yaing'ono. Loya wamng'ono amachitsegula mu Word, amayatsa Track Changes (chida chosonyeza kusintha kulikonse), amakonza, n'kutumiza kwa wamkulu wake. Chimagona kumeneko masiku awiri. Chimapita kwa maloya a mbali ina, chimabwerako chitasinthidwa, ndipo wina amayerekeza chatsopano ndi chakale kuti aone ngati anzawowo sanalowetsemo mawu mwakachetechete. Ulendo umenewu umabwerezedwa kanayi, kasanu. Kenako kusaina, kulemba maola, bilu.

Paliponse pamene chikalata chasintha manja, lembani kuti ndani wapereka kwa ndani, chadikira nthawi yaitali bwanji, komanso ndi mawu ati amene munthu wawakopera pamanja kuchoka pa windo lina kupita pa lina. Mudzadabwa kuona kuchuluka kwa nthawi imene imathera kudikira. Mukafulumizitsa kuwerenga kwa ola limodzi koma osakhudza kudikira kwa masiku awiri, kasitomala wa loyayo sadzaona kusintha kulikonse.

Musathamangirenso kwa akuluakulu okha. Alembi, makalaliki ndi maloya ongoyamba kumene ndiwo amadziwa pamene njira imaterera. Chitani zimenezi m'maofesi osachepera asanu musanalembe mzere umodzi wa pulogalamu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gawo lachiwiri: dziwani amene apindule ndi amene aluze

Apa ndi pamene makampani ambiri amapunthwa, choncho ndichedwapo. Maofesi ambiri a maloya, makamaka ku America ndi ku Britain, amalipiritsa potengera maola, ndipo ola amaligawa m'zidutswa khumi za mphindi 6. Tsono inu mwabwera ndi uthenga wakuti ntchito ya maola 10 izitha m'maola awiri. Kwa inu ndi nkhani yabwino. Mwini ofesi akuona kuti mwamuchotsera maola 8 pa bilu. Sangawabisenso maolawo: mu July 2024 bungwe la American Bar Association linatulutsa Formal Opinion 512, imene inanena kuti loya wolipiritsa pa ola, akagwiritsa ntchito AI, alipiritse nthawi yeniyeni imene wagwira. Onjezerani apo kuti phindu la ofesi yotere limagawidwa kwa eni ake chaka ndi chaka. Ndalama yogulira pulogalamu yanu ikutuluka m'matumba a anthu omwewo amene akusankha ngati igulidwe.

Sindikuti maloya ndi adyera. Ndikuti muwerenge masamu awo mmene iwo amawerengera, kenako mufunefune malo amene kufulumira kumawapindulira. Malo otere alipo. Pali ntchito zimene amalipiritsa mtengo umodzi wokhazikika, monga kulembetsa kampani kapena kukonza mgwirizano wa lendi. Pamenepo mphindi iliyonse yopulumutsidwa ndi phindu. Pali maola amene amagwira koma kasitomala amakana kulipira, monga kukonza manambala a ndime kapena kusaka chikalata chosowa. Palinso ntchito imene amaibweza chifukwa manja ndi ochepa.

Ofesi ya loya mmodzi kapena atatu ili ndi mavuto ena. Ilibe katswiri wa makompyuta, mwini wake ndi amene amayankha foni, kulemba bilu ndi kupita ku khoti, koma akakhutira amagula tsiku lomwelo. Clio, imene inayamba ku Canada mu 2008, inayambira kwa anthu amenewa, n'kuwaikira kalendala, kaundula wa maola ndi mabilu pamalo amodzi pa intaneti.

Dipatimenti ya zamalamulo ya m'kati mwa kampani, monga ya banki kapena ya kampani ya mafoni, masamu ake ndi enanso. Maloya ake ali pa malipiro a pamwezi, ndipo amene amawadandaula ndi anzawo a zamalonda amene akudikira mgwirizano kuti katundu atuluke. Kwa iwo liwiro ndi lofunika zedi. Koma taonani kuti amene akupempha thandizo kumeneko si loya. Ndi wogulitsa malonda amene tsiku lake limathera mu Salesforce, mu Slack kapena mu Teams. Ngati pulogalamu yanu ikufuna kuti munthu ameneyu adzaze fomu yodzaza mawu a zamalamulo kuti athandizidwe, adzangotumiza imelo monga kale.

Musayese kutumikira magulu onsewa ndi chinthu chimodzi pachiyambi. Sankhani limodzi. Mukasankha, dziwani anthu atatu: amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo, amene adzalipire, ndi amene angakane. Wachitatuyu nthawi zambiri ndi mkulu wa za makompyuta kapena woyang'anira chitetezo cha zikalata, ndipo sabwera pa tsiku la chionetsero. Pali wachinayinso amene sali n'komwe m'nyumbamo, ndiye kasitomala wa ofesiyo. Makampani akuluakulu amatumizira maloya awo malamulo a kagwiridwe ka ntchito: bilu ibwere mu ndondomeko ya LEDES (kalembedwe kovomerezeka ka mabilu a maloya pa kompyuta), zikalata zathu zisatuluke m'dziko lakutilakuti, AI isakhudze nkhani zathu musanatiuze. Pemphani kuona chitsanzo cha malamulo oterewa msanga, chifukwa chiganizo chimodzi m'menemo chingakutsekereni khomo limene eni ofesi anali atakutsegulirani.

Gawo lachitatu: gwirani malo amodzi

Pa njira imene mwalondola ija, lozani malo amodzi. Ikhale ntchito yochitika pafupipafupi, yotopetsa, komanso yoti loya angaone msanga ngati yachitika bwino kapena ayi.

DocuSign, imene inayamba mu 2003, inakhala zaka zambiri pa chinthu chimodzi, kusaina. Lamulo la ESIGN la mu 2000 linali litavomereza kale siginecha ya pa kompyuta ku America, choncho chotsala chinali kuchotsa chintchito chosindikiza, kusaina, kujambula ndi kutumiza. Inalowa m'mbali zina za mgwirizano pambuyo pake, pogula SpringCM mu 2018 ndi Seal Software mu 2020. Kira Systems inadziwika ndi kusefa milu ya migwirizano pamene kampani ina ikufuna kugula inzake, mpaka Litera inaigula mu 2021. Yerekezani ndi Atrium, imene Justin Kan ndi anzake anayambitsa mu 2017 ku San Francisco. Inafuna kukhala ofesi ya maloya komanso kampani ya mapulogalamu nthawi imodzi, inasonkhanitsa madola pafupifupi 75 miliyoni kwa oikamo ndalama, n'kutseka mu March 2020. Mapanga awiri avumbwitsa.

Gawo lachinayi: lowani mu Word, ndipo mukalowa musunge mwambo

Loya wa migwirizano amaswera mu Word. Ngati pulogalamu yanu ikufuna kuti atsitse chikalata, atsegule tsamba lanu la pa intaneti, alembe pasiwedi, akweze chikalatacho, adikire, akopere zotsatira, n'kubwerera mu Word kukazimata, mwamusenzetsa tintchito tisanu ndi tiwiri kuti mumutule kamodzi. Ikani pulogalamu yanu m'mbali mwa chikalata chenichenicho, monga mmene Spellbook imachitira, kapena mu Outlook pamene imelo ikufikira. Alowemo ndi dzina ndi pasiwedi zomwezo za ku ofesi.

Kulowa kokha sikukwanira. Kusintha kulikonse kumene pulogalamu yanu ikupanga kuoneke mu Track Changes, kuti loya avomereze kapena akane mawu amodziamodzi. Musalembenso ndime yonse pamene pakufunika kusintha mawu atatu, chifukwa loya wa mbali ina akaona ndime yathunthu yafiira amayamba kukayikira zonse, ndipo zokambirana zimene zinali kumapeto zimayambiranso. Musasokoneze manambala a ndime. Mgwirizano wautali umadzaza ndi mawu onga akuti "malinga ndi ndime 14.2", ndipo nambala imodzi ikasuntha zilozo zake n'kutsala, mwabzala mkangano umene udzamere m'khoti. Mawu amene anatanthauziridwa koyambirira kwa mgwirizano, aja oyamba ndi chilembo chachikulu, agwiritsidwe ntchito momwemo kufikira tsamba lomaliza. Ndinaonapo loya wina akusiya pulogalamu yodula chifukwa inasintha kaonekedwe ka zilembo m'chikalata chimene ankayenera kutumiza madzulo omwewo. Anatha ola akukonza, ndipo sanaitsegulenso. Sindinamuone kulakwa.

Ntchito ikatha, chikalata chibwerere kumene chinachokera, mu nkhokwe ya ofesi, pansi pa nambala yake, chitalembedwa kuti ndi kope latsopano la chikalata chomwecho. Musamange nkhokwe yachiwiri. Tsiku limene padzakhale makope awiri osiyana, lina kwa inu lina kwa iwo, wina adzasaina lolakwika.

Lemekezaninso mipanda. M'maofesi akuluakulu maloya ena amaletsedwa kuona ntchito zina, chifukwa ofesiyo ikuthandiza anthu amene zofuna zawo zingawombane. Bokosi lanu lofufuzira likaonetsa munthu ngakhale mutu wokha wa chikalata cha kuseri kwa mpanda, mwaphwanya lonjezo limene ofesiyo inapanga kwa kasitomala wake. Zilolezo muzizitenga ku nkhokwe yawo nthawi iliyonse imene munthu akufufuza, musapange zanu.

Kodi palibe nthawi imene loya amavomera kusamuka? Ilipo. Pa milandu ikuluikulu imene mbali ziwiri zimapatsana maimelo ndi zikalata mamiliyoni ngati umboni, maloya amagwirira ntchito mu Relativity ndi mapulogalamu ofanana nayo, chifukwa ntchitoyo singatheke mu Word ngakhale atafuna. Dzifunseni moona mtima ngati yanu ili yotero. Ngati ingatheke pamalo akale, ngakhale movutikira, adzakhala pomwepo.

Gawo lachisanu: konzekerani mafunso a chinsinsi asanafunsidwe

Loya amasunga zinsinsi za ena, ndipo malamulo a ntchito yake amamukakamiza kutero. Onse akukumbukira zimene zinachitikira ofesi ya maloya ya Mossack Fonseca ya ku Panama mu 2016, pamene zikalata 11.5 miliyoni zinatuluka; mu 2018 ofesiyo inatseka. Choncho musadabwe mukalandira mndandanda wautali wa mafunso musanagulitse kanthu. Mayankho akhale okonzeka: deta imasungidwa m'dziko liti, ndani mwa antchito anu angaione, imadutsa m'makampani ati ena, imafufutidwa patapita masiku angati mgwirizano ukatha, ndipo kodi imagwiritsidwa ntchito pophunzitsa AI. Yankho la funso lomalizali likhale "ayi", ndipo lilembedwe mu mgwirizano. Chiphaso cha ISO 27001 ndi lipoti la SOC 2, zimene zimatsimikiza kuti mumateteza bwino deta, zimatenga miyezi kuti zipezeke, ziyambeni msanga. Ngati muli ndi makasitomala ku Ulaya, lamulo loteteza deta ya anthu la GDPR lakhala likugwira ntchito kuyambira pa 25 May 2018.

Onaninso kumene inuyo mwatenga zipangizo zanu. ROSS Intelligence inapanga pulogalamu yofufuzira milandu, koma mu 2020 Thomson Reuters inaisumira ponena kuti inagwiritsa ntchito zolemba za mu Westlaw, nkhokwe ya milandu ya Thomson Reuters, popanda chilolezo. ROSS inatseka kumayambiriro kwa 2021, mlandu usanagamulidwe n'komwe, ponena kuti mlanduwo unaifoola pa ndalama.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: loya athe kutsimikiza yekha, msanga

Amene amasaina ndi loya, ndipo zikalakwika amene amaima pamaso pa woweruza ndi iye. Mu 2023, pa mlandu wa Mata v. Avianca ku New York, maloya anapereka ku khoti chikalata chotchula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Woweruza P. Kevin Castel analamula chindapusa cha madola 5,000. Ndalamayo inali yochepa poyerekeza ndi manyazi, ndipo pafupifupi loya aliyense amene mukamuonetse pulogalamu yanu akuidziwa nkhaniyi.

Adzaonanso chilichonse chimene pulogalamu yanu yanena, ndipo akuyenera kutero. Nthawi yoonanso ija iwerengereni pa mtengo wa chinthu chanu, ndipo muyesetse kuichepetsa. Mfundo iliyonse ikhale ndi chilozo chimene akachidina chimamufikitsa pa tsamba ndi pa mzere weniweni umene mfundoyo yachokera. Pulogalamu ikalephera kupeza ndime yonena za kuthetsa mgwirizano, inene poyera kuti sinaipeze, isapereke ndime ina yoyandikira kuti ioneke yodziwa. Mawu okopedwa m'chikalata asiyane mooneka ndi mawu amene makina alemba okha. Sungani mbiri yosonyeza amene anavomereza kusintha kulikonse ndi tsiku lake, pakuti patapita zaka wina adzafunsa.

Makhoti amalola makina pamene njira yake ikuoneka. Mu 2012, pa mlandu wa Da Silva Moore, woweruza Andrew Peck anavomereza kuti kompyuta ithandize kusefa zikalata za umboni, ndipo anatsindika kuti mbali inayo izitha kuona ndi kuyesa mmene ntchitoyo ikuchitikira. Kumbali ya zotsatsa, musalonjeze zimene simunayese. DoNotPay inkadzitcha loya wa roboti woyamba pa dziko lonse. Mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linaitsutsa kuti inalonjeza zimene sinatsimikize, ndipo kampaniyo inavomera kulipira madola 193,000.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: yesani ndi kagulu kakang'ono

Kagulu kamodzi, anthu osapitirira khumi, ntchito ya mtundu umodzi, masabata 6 mpaka 8. Musanayambe, yezani mmene zinthu zilili lero: mgwirizano wa mtundu umenewu umatenga masiku angati kuchokera pofika mpaka posaina, ndipo umabwerera kangati. Mukapanda kuyeza poyamba, pamapeto mudzangodalira zimene anthu akukumbukira. Yambani ndi ntchito zimene zinatha kale, zimene mayankho ake akudziwika, kuti maloya ayerekeze zimene makina apeza ndi zimene iwo anapeza. Akakhutira, pitani ku ntchito zimene zili pa desiki.

Musawerenge kuti alowamo kangati. Werengani kuti mwa migwirizano yonse ya mtundu umenewo imene yafika mwezi uno, ndi ingati imene yadutsa mu pulogalamu yanu. Pa imene sinadutsemo, funsani chifukwa chake, umodziumodzi. Mayankho amenewo ndiwo akuuzeni choti mukonze mwezi wamawa.

M'kagulumo mukhale loya mmodzi amene anzake amamulemekeza pa ntchito. Maloya anaphunzitsidwa kufunsa kuti ndani anachitapo kale, ndipo amafunsa chimodzimodzi pogula pulogalamu. Pamene ofesi ya maloya ya Allen & Overy inalengeza mu February 2023 kuti maloya ake oposa 3,500 ayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya AI yotchedwa Harvey, maofesi ena anatchera khutu. M'kati mwa ofesi imodzi zimayendanso choncho: mawu a mnzawo wa pa khomo lotsatira amalemera kuposa chionetsero chanu.

Maphunziro akhale a mphindi 15, pa chikalata chimene munthuyo akulimbana nacho tsiku limenelo, chifukwa ola la maphunziro ndi ola limene loya salipiritsa aliyense. Za mtengo, ngati ntchitoyo imachitika tsiku lililonse, lipiritsani pa munthu pa mwezi. Ngati imabwera mwa apo ndi apo, monga pogula kampani, lipiritsani pa ntchito, pakuti mtengo wotere ofesi ingathe kuukambirana ndi mwini ntchitoyo.

Gawo lomaliza: kulani motsata chikalata

Mukakhazikika, makampani akuluakulu adzakuonani. Casetext inatulutsa CoCounsel, pulogalamu ya AI yothandiza maloya, mu March 2023, ndipo chaka chomwecho Thomson Reuters inaigula pa madola 650 miliyoni. Microsoft nayo inaika Copilot mu Word momwemo. Kufupikitsa chikalata kapena kulemba ndime, aliyense ali nako kapena akhala nako posachedwa. Chimene sangakulandeni mosavuta ndi zimene kasitomala wasungitsa kwa inu: ndime zimene ofesiyo imakonda, malire amene kampaniyo imalolera pokambirana, mbiri ya zimene inavomera kwa ndani. Thandizani makasitomala kuzilemba zimenezi kuyambira mwezi woyamba, ndipo muwalole kuzitenga akafuna kuchoka. Loya amene akudziwa kuti angatuluke ndi katundu wake amasungitsa zambiri.

Pofuna kuwonjezera, bwererani ku njira imene munalondola poyamba, mutenge malo oyandikana ndi amene mwagwira kale. Ngati mumathandiza kuwerenga mgwirizano, chotsatira ndi kuyerekeza umene wabwerako ku mbali ina ndi umene unatumizidwa, mabilu adikire. Tsiku lina kasitomala wamkulu adzakupemphani chinthu chimene iye yekha akuchifuna, n'kulonjeza ndalama zambiri. Musanavomere, imbirani maofesi ena anayi mwa aja munakhalamo, muwafunse ngati chikalata chawo chimadutsanso pamenepo. Awiri akati inde, chipangeni. Onse akati ayi, muuzeni mwaulemu kuti chaka chino simutha, ndipo mumuonetse zimene zili pa ndandanda yanu ya miyezi itatu ikubwerayi.